Makombo Athu ndi Moyo wa Galu

Achinyamata anzanga, sabata ino ndikufuna tilingalire za mnzathu amene amagona pakhonde, amene sitimuwerengera tikamapima ufa wa tsiku. Kuno kwathu, kuchokera ku Golomoti kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, pafupifupi khomo lililonse lili ndi galu. Ndiye amathamangitsa anyani m'munda wa chimanga, ndiye amatidzutsa akuba akayandikira khola la mbuzi. Malipiro ake ndi mkute ndi zotsala m'mbale. Tinakula tikumva kuti galu amadya chilichonse, ndipo n'zoona kuti sakana. Koma thupi lake silifanana ndi lathu, ndipo zina zimene ife timadya bwinobwino, kwa iye ndi poizoni.

Ndiyambe ndi chimanga, pakuti ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri. Tikamasankha chimanga chopita kuchigayo, chowola ndi chachuku timachiika padera. Kuchitaya kumatiwawa, makamaka chaka cha njala, choncho ambiri amachigayitsa n'kumaphikira galu, kapena kuchisakaniza ndi madeya. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Moto sumupha. Ngakhale nsima itapsa chotani, poizoniyo amakhalabe momwemo. Galu amayamba kukana chakudya, kufooka ndi kusanza. Maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu, ndipo nthawi zambiri tikamazindikira, chiwindi chimakhala chitatheratu.

Zimenezi si nthano. M'mwezi wa August chaka cha 2024, nduna ya zaumoyo ya ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'mwezi umodzi, ndipo ankaganizira chakudya chopangidwa ndi chimanga choipa. Atapima ufa wochokera ku makampani ogaya chimanga, pafupifupi theka la zimene anapimazo linapezeka ndi aflatoxin wochuluka mopitirira muyeso. Chinali chaka cha chilala, ndipo chimanga chimene chavutika ndi dzuwa m'munda chimagwidwa chuku msanga. Chondikhudza n'chakuti agaluwo ndiwo anachenjeza anthu. Poizoni amene ankaganiziridwa kuti anawapha anapezekanso mu ufa wa mtundu womwewo umene mabanja ankaphikira nsima. Ku Kenya m'chaka cha 2004 poizoni yemweyu anapha anthu 125 amene anadya chimanga chosungidwa chisanaume. Ngakhale kutulukira kwake kunadzera m'ziweto: mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wachuku.

Kuno kunyanja kumatentha, ndipo chinyezi sichisowa. Chimanga kapena mtedza woikidwa m'thumba usanaumitsitse suchedwa kugwira chuku. Chimene chawola, tichikwirire kapena tichitenthe. Kuchipereka kwa nkhuku kapena ng'ombe sikuthetsa vuto, popeza poizoniyo amatha kudutsa mpaka mumkaka umene ana athu adzamwe.

Chachiwiri chimadabwitsa ambiri: anyezi ndi adyo. Ndiwo zathu zonse timakazingira anyezi, ndipo msuzi wotsala timathira pamkute kuti galu adye mokondwa. Mu anyezi muli mankhwala amene amaphwanya tizigawo tofiira ta m'magazi a galu, kaya anyeziyo ndi wamuwisi kaya wophika. Kamsuzi ka tsiku limodzi mwina sikangamuphe, koma kudya tsiku ndi tsiku, kapena kudya wambiri nthawi imodzi, kumamuchepetsa magazi. Choipa n'chakuti zizindikiro zimachedwa. Pamapita masiku angapo galu asanayambe kupuma mwawefuwefu, nkhama kuyera ndi mkodzo kuda. Pofika pamenepo palibe amene akukumbukiranso mphika wa nyama ya mbuzi wa Lamulungu lapitalo.

Apa ndi pamene mlandu umabadwira. Ndinaonapo mabanja awiri oyandikana atasiya kulonjerana chaka chathunthu chifukwa cha galu amene anafa patangopita masiku ochepa chichitikire phwando la ukwati. Mwini wake analoza chala mnzake kuti wamuthirira tameki, ena ananong'ona za ufiti, nkhani n'kukafika kwa amfumu. Palibe amene anafunsa zimene galuyo anatola kuseri kwa makhitchini a phwandolo, kumene kunali mulu wa mafupa a nkhuku, mpunga wa mafuta ndi zotsala za mowa. Sindikunena kuti anthu oipa mtima kulibe. Koma tisanapite kubwalo, ndi bwino kuyamba tafunsa mbale yathu yomwe.

Mafupa aja ndi nkhani ina. Fupa la nkhuku likaphikidwa kapena kuwotchedwa limauma, ndipo galu akalitafuna limasweka m'zidutswa zakuthwa ngati singano, zimene zimabaya kummero kapena kuboola matumbo. Minga ya chambo ndi mlamba imachitanso chimodzimodzi. Usipa wouma ndi wabwino kwa iye, bola usakhale wa mchere wambiri, chifukwa mchere wochuluka umamudwalitsa, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November pamene madzi akumwa timaiwala kumuikira.

Za mowa sindifuna kutalikitsa. Ndaonapo anyamata pamalo omwera akuthira masese kapena kachasu m'chigoba kuti aseke galu akamadzandira. Thupi lake ndi laling'ono, ndipo mlingo umene munthu angaumve pang'ono ukhoza kumuimitsa kupuma. Sindionapo choseketsa. Amayi ophika mandasi asamalenso ufa wokanda umene athira yisiti: galu akaumeza umapitiriza kufufuma m'mimba mwake, ndipo umatulutsa mowa momwemo. Chimodzimodzi madzi amene tinaviikamo chinangwa chowawa cha kondowole. Ululu umene tikuuchotsa m'chinangwacho umatsalira m'madziwo, ndipo galu waludzu sasankha.

Palinso zakudya za m'sitolo zimene agogo athu sankazidziwa. Chokoleti ndi ufa wa koko zili ndi theobromine, amene thupi la munthu limamuchotsa msanga koma la galu limachedwa naye. Mtima umathamanga, galu amanjenjemera, nthawi zina kugwa ngati wakhunyu. Chingamu china cholembedwa kuti mulibe shuga chimakhala ndi xylitol, amene amagwetsa shuga wa m'magazi a galu mwadzidzidzi. Mphesa, zaziwisi kapena zouma za m'makeke a pa Khirisimasi, zimawononga impso. Mtedza wa macadamia, umene umalimidwa ku Thyolo ndi madera ena a dziko lathu, umafooketsa miyendo yake yakumbuyo.

Wina afunsa kuti, nanga timupatse chiyani ife osauka? Zofunika si zodula. Nsima ya ufa umene inu eni mungadye, yozizira. Kansomba kapena kanyama kopatulidwa musanathire anyezi ndi mchere. Maungu ndi mbatata zophika. Madzi oyera pamthunzi. Galu akayamba kusanza kapena kufooka, musamumwetse madzi a mchere kapena parafini monga ena amalangizira. Itanani mlangizi wa ziweto, ndipo mumuuze zonse zimene galuyo wadya m'masiku apitawo. Ngati maso ake achita chikasu, masulani thumba la chimanga chimene banja likudya, mulowetse dzanja mpaka pansi, muone ndi kununkhiza musanapite nacho kuchigayo.