Nsalu ya pampando

Pamene ndinkakula ku Domasi, nyumba zokhala ndi mipando ya makushoni zinali zowerengeka: za aphunzitsi, za abusa kumishoni, ndi za ena obwera ku Joni. Kwathu mpando unali umodzi, wa ndalema, ndipo unali wa abambo. Enafe mphasa.

Mipando ya m'nyumba zimenezo inali yofanana paliponse, yamiyendo yowonda, poyika manja pali thabwa losalala la mlombwa kapena mbawa. Uliwonse unali ndi makushoni awiri, wokhalira ndi wotsamira, ndipo maso a mwana ankathera pansalu yake. Panali timabokosi tolowana, mizere yokhotakhota, masamba aakulu osadziwika mtengo wake, zachikasu, zofiirira ndi zobiriwira. Kajambulidwe kotere kanatchuka ku Britain nkhondo yachiwiri itatha. Nsalu ya Calyx imene Lucienne Day anatulutsa mu 1951 ndi imodzi mwa zimene zinayambitsa. Kwa ife inali nsalu ya kwa ahedi basi, yosakhalapo ndi kabudula wafumbi.

Chimene ndimachikumbuka kwambiri n'chakuti nsaluyo inkavulidwa. Loweruka amayi a m'nyumbamo ankamasula mabatani, kukachapa kumtsinje wa Domasi, kuyanika, kusita ndi simbi yamakala. Ikatha, mpando sunkatha nawo. Fakitale ya David Whitehead itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, nsalu yolukidwa ndi thonje lathu lomwe inkapezeka m'masitolo, ndipo telala wa pakhonde ku Songani ankayeza kushoni ndi tepi, mawa lake n'kukupatsa yatsopano. Akhristu ankasintha Khirisimasi ikayandikira, Asilamu pokonzekera Idi. Pamwamba potsamira mutu ankayalapo tinsalu toyera toluka pamanja, kuti mafuta a m'tsitsi asadetse. Mlendo akalowa ankadziwa luso la mayi wa pakhomopo asanalawe ndiwo zake.

Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1990. Kaunjika anadzaza misika, nsalu zakunja zotsika mtengo zinalowa, Whitehead anafooka mpaka boma linagulitsa fakitaleyo kwa a Mapeto mu 2003. Koma sindinganene kuti fakitale ndiyo inapha mpando wakale. Tinausiya tokha, titaona masofa.

Yendani lero mumsewu wa M3 kuchoka ku Zomba kulowera ku Liwonde, muwaona atandanda padzuwa, onenepa, onyezimira, ena ovekedwa chikopa chabodza chimene chimayamba kusupuka chikangoona kutentha kwa Okutobala. Anyamata opanga masofawa sindikuwanyoza. Apeza ntchito, ndipo banja limene kale likanakhala pamphasa lero likutha kugula. Kukhalapo n'kofewa ndithu, msana wanga ukuvomereza. Vuto ndi lakuti nsalu yakhomeredwa kuthabwa, ndipo yabisa zonse. Wogula sangaone ngati m'katimo muli paini wouma bwino kapena zidutswa zotola, ngati siponji ndi yeniyeni kapena zinyenyeswa zothithikizidwa. Kale mmisiri sakanabisa thabwa loipa, linali poyera. Mwana akakodzera sofa ya lero, kapena nsikidzi zikalowa m'misoko, mulibe chovula. Mumangoitulutsa panja anthu anayi, kuipukuta, n'kuyembekeza kuti mvula isabwere.

Atelala ku Songani akadalipo ndi makina awo a Singer. Ntchito imene ndimawaona nayo tsopano ndi mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a chinkhoswe ndi kuchepetsa mathalauza a pakaunjika.