Kulowa ku koleji n'kwina, kutulukako ndi digiri n'kwinanso

Abale anga akumudzi, NCHE ikangotulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, Facebook yonse imadzaza ndi mafuno abwino, ndipo nane ndimakondwera nawo. Koma kukhala kuno ku Indiana, m'dziko la America, kwandizoloweza funso lomwe kwathu silimveka kawirikawiri: mwa ana amene tikuwayamikira lerowa, ndi angati adzavale gauni? Nanga otsalira panjirawo adzakhala ana a yani?

Musaganize kuti kuno zonse zili myaa. Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera sukulu za boma limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a m'dera lomwelo, choncho dera la anthu olemera limakhalanso ndi sukulu yolemera. Mwana wa kumeneko amayamba maphunziro a msinkhu wa koleji, omwe amawatcha AP, akadali ku sekondale. Mnzake wa dera losauka amatha kumaliza giredi 12 masamu ake asanafike pomwe koleji imafuna. Akalowa amamuika m'makalasi obwereza za ku sekondale. Fizi amalipira, koma makalasiwo sawerengedwa pa digiri, ndipo ambiri amafookera pomwepo. Mwa ophunzira 10 aliwonse olowa koleji, pafupifupi 6 okha ndiwo amamaliza m'zaka 6. Anthu pafupifupi 40 miliyoni anayambapo koleji n'kuisiya opanda pepala m'manja, ena ali ndi ngongole kumutu.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti manambala amenewa sabisika. Amawasindikiza chaka ndi chaka, n'kuwagawa: ana osauka angati, akuda angati. Bala likaonekera poyera, anthu amayamba kulifunira mankhwala.

Kuno ku Indiana kuli pologalamu ya 21st Century Scholars yomwe inayamba mu 1990. Mwana wochokera m'banja lopeza movutikira amalowamo akadali giredi 7 kapena 8, wazaka ngati 13. Iye amalonjeza kulimbikira m'kalasi ndi kupewa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Boma nalo limalonjeza kudzamulipirira fizi ya zaka zinayi pa koleji ya boma. Kuyambira 2023 ana oyenerera amalembedwa okha osadikira kuti makolo adzaze fomu, chifukwa ambiri ankatsala kaamba koti makolo awo sanamvepo za mwayiwu. Taganizani mwana kukula akudziwa kuti mpando wake ulipo kale. Mawerengedwe ake amasintha.

Ku Georgia State University, mumzinda wa Atlanta, anaona kuti ophunzira ena ankachotsedwa m'kaundula chifukwa cha ngongole yochepa ya fizi, ena atatsala pang'ono kumaliza. Mu 2011 anayamba kuwatsekera kampatako ndi kathandizo kochepa kosabweza, kotchedwa Panther Retention Grants. Ku New York, pologalamu ya ASAP ya City University of New York, yomwe inayamba mu 2007, imapatsa wophunzira tikiti ya basi ndi sitima, thandizo la mabuku, ndi mlangizi womuyang'anira pafupipafupi. Bungwe la MDRC litafufuza linapeza kuti omaliza m'zaka zitatu anachuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri. Onani bwino: palibe amene anawachepetsera mayeso.

Kwathu mphamvu zathu zambiri zinathera pa mkangano wa kota posankha olowa yunivesite, mpaka boma linalengeza mu 2020 kuti yatha. Kunonso Khothi Lalikulu linaletsa mu 2023 kuganizira mtundu wa munthu posankha olowa koleji. Koma mikangano yonse iwiriyi ndi ya pachipata, pomwe ana amakhala atasiyanitsidwa kalekale. Kwathu tsankho lenileni limachitika mayeso a sitandade 8 akatuluka. Mmodzi wapita ku sekondale yogonera konko, ina ya mishoni, yokhala ndi labotale ndi laibulale. Wina wapita ku CDSS, komwe kuli ana ambiri a sekondale m'dziko muno, komwe nthawi zina Chemistry amaphunzira pa bolodi pokha, mphunzitsi wake anaphunzitsidwa za pulayimale, mwana wayenda mtunda wautali m'mimba mulibe kanthu. Akakhala mtsikana, akafika kunyumba mtondo ndi chidebe zikumudikira. Onsewa MANEB imawapatsa pepala limodzi la MSCE, kenako timati wamapointi ochepa ndiye wanzeru. Ine sindivomereza. Mwana wa CDSS wopeza mapointi 18 wakwera phiri lomwe mnzake wa mapointi 10 sanalione n'komwe.

Ndiye pali omwe alowa. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a sukulu za ukachenjede, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limathandiza ambiri, koma ngongole sifikira aliyense wopempha. Mwana wochokera ku Nsanje kapena ku Chitipa ayenera kupeza ya lendi ku Chikanda kapena ku Luwinga, ya chakudya, ya intaneti, mwina sanagwirepo kompyuta chibadwire. Akadya kamodzi patsiku magiredi n'kutsika, amawidedwa, ife n'kumati anali waulesi. Amabwerera kumudzi mwakachetechete, ndipo pa Facebook palibe amalembanso dzina lake.

Pempho langa kwa NCHE ndi mayunivesite onse a boma ndi ili: chaka chilichonse tiuzeni kuti olowa ochokera ku CDSS ndi angati, omaliza ndi angati, osiya chifukwa cha ndalama ndi angati. Yunivesite iliyonse ikhale ndi kathumba kothandiza wophunzira amene watsala ndi ngongole yochepa, asabwezedwe pakhomo la mayeso.

Ndipo inu anzanga a kuno, a ku Britain ndi a ku Joni, ambiri timathamangira kulipira fizi ya teremu yoyamba, kenako ziii. Mukatenga mwana, mutengeni mpaka chaka chake chomaliza, ndipo mwezi uliwonse mumuimbire foni, mumufunse ngati wadya komanso mmene maphunziro akuyendera.