Ndinkakonda Mulungu chikondi cha nkhwangwa

Chibwenzi changa cha zaka zitatu chinathera pa WhatsApp, Lachiwiri lina usiku magetsi atathima. Uthenga wake unali waufupi: waganiza mofatsa, waona kuti sitikuyenerana, ndimukhululukire, Mulungu adzandipatsa mwamuna wabwino kuposa iye. Ine ndinayankha chiuthenga chachitali ngati kalata yofunsira ntchito. Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu, koma yankho silinabwere. Kutacha ndinapeza chithunzi chake chachoka. Anali atandibuloka.

Tinali titafika patali. Amalume ankamudziwa, za chinkhoswe tinali titayamba kukambirana, ndipo nsalu yoti anzanga adzavale pa tsikulo ndinali nditasankha kale. Ndiye kulira kokha ndinalira, sindibisa. Koma patatha masabata angapo ndinazindikira chinthu chimene chinandiopsa. Amene ndinamukwiyira kwambiri sanali mnyamata uja ayi. Ndinakwiyira Mulungu.

M'mutu mwanga mlandu wake unali woonekeratu. Januwale aliyense ndinkasala kudya masiku 21 limodzi ndi anzanga a gulu lathu la mapemphero. Ndinkalawirira kuphiri la Soche kukapemphera, dzina la mnyamatayo lili pamwamba pa mndandanda. Nditamaliza ku yunivesite n'kuyamba ntchito, chakhumi sindinaphonyepo ngakhale mwezi umodzi, ngakhale mwezi umene ndinkayenda pansi chifukwa ya minibasi yatha. Ndiye zonsezi zinapita kuti?

Ndinachita zomwe ndinkachita chibwenzi chikandilakwira: ndinanyanyala. Kutchalitchi ndinasiya, pulogalamu ya Baibulo ndinaichotsa mufoni, ati ikudya malo. Kunena zoona, ndinkadikira kuti Mulungu aone kuti ndakhala chete, achite manyazi, ayambe ndi Iye kundifunafuna.

Ndili pakati ponyanyalapo, mayi anandituma kukasiya katundu kwa agogo ku Mulanje. Agogo anga ndi munthu amene moyo sunamunyengerere. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwa ana awo 7, atatu anawaika m'manda okha. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, madzi anagwetsa khoma la nyumba yawo, anakokolola chimanga ndi nandolo, mbuzi n'kupita nazo. Ine ndinawapeza akugona m'kanyumba kamene kale kanali khitchini.

Lachinayi m'mawa ndinadzuka n'kuwapeza akuuzira makala m'simbi, akusita bulauzi yoyera ya Mvano pamphasa. Ankaimba chapansipansi. Zinandikwiyitsa, sindidziwa chifukwa chake.

"Agogo, koma inu simutopa? Zonse zakuonekeranizi, Mulungu wanuyo wakupatsani chiyani?"

Anaika simbi pamwala n'kundiyang'ana kwa kanthawi, kenako anaseka.

"Iwe mwana, kodi ine ndinalowa ganyu kwa Mulungu, kuti dzuwa likapendeka ndizikaima pakhomo pake kudikira malipiro?"

Ndinawafotokozera zonse, za kusala kudya, za kuphiri, za chakhumi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Pepa mdzukulu wanga, zimawawa zimenezo. Koma chako chija chinali chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera."

Mwambiwu ndinauphunzira ku pulayimale, koma tsiku limenelo m'pamene unandilowa. Munthu akamakwera mumtengo kukadula nthambi, nkhwangwa amaikoleka paphewa mosamala ngati mwana. Akamaliza kudula amangoiponya pansi, iye n'kutsika bwinobwino. Ine Mulungu ndinamukoleka paphewa chifukwa ndinkakwera kupita ku ukwati. Nditaona kuti nthambi yakanika, ndinamuponya.

Pobwerera ku Limbe, mu minibasi, ndinabwezeretsa pulogalamu ija ndi bandulo yotsala. Masiku otsatira ndinakhala pa nkhani ya Yakobo, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Pa Genesis chaputala 29, Yakobo akugwirira ntchito amalume ake Labani zaka 7 kuti akwatire Rakele. Usiku wa ukwati akumupatsa Leya. Kutacha Yakobo akukalipa, ndipo palibe angamudzudzule, chifukwa panali pangano. Akugwiranso zaka zina 7, zonse pamodzi 14, chifukwa cha mkazi mmodzi. Ichi ndi chikondi chenicheni, koma chili ndi chimene chikuyembekezera.

Ndiye bwererani chaputala chimodzi m'mbuyo. Pa Beteli, Yakobo yemweyo akulankhula ndi Mulungu ngati akukambirana mtengo pamsika. Akulonjeza kuti Mulungu akamusunga paulendo, akamupatsa chakudya ndi zovala, akamubweza kwawo mwamtendere, pamenepo ndiye adzakhala Mulungu wake, ndipo chakhumi adzapereka. Nditawerenga ndinaseka ndekha, chifukwa pemphero limeneli ndi lomwe ndakhala ndikupemphera kuyambira ndili ku sekondale.

Musandimve molakwa. Chikondi cha mwamuna ndi mkazi si chonyansa, ndipo kuyembekezera kuti mnzako akubwezere chikondi si dyera. Baibulo lomwelo lili ndi buku lathunthu la Nyimbo ya Solomo, machaputala 8 a anthu awiri ofunana. Kwathu kuno timaika ankhoswe mbali zonse ziwiri chifukwa timadziwa kuti m'banja aliyense ali ndi mangawa kwa mnzake, ndipo wina akalephera payenera kukhala pokadandaula. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pakati pa anthu zimayendadi choncho. Ukaimba foni lero, mawa aimbe iye. Chibwenzi chimene mmodzi yekha ndiye amagula mayunitsi, mmodzi yekha ndiye amapepesa, chimenecho chikudwala.

Vuto langa linali lakuti zikondi ziwirizi ndinazisinthanitsa. Kwa zaka zitatu mnyamata uja ndinkamupatsa zimene zimayenera Mulungu yekha. Akandinamiza ndinkakhululuka asanapepese. Akasowa masiku anayi osayankha, ndinkamupezera ndekha zifukwa. Ndinkamutumizira ndalama pafoni osafunsa kuti zikupita kuti, n'kumadzitama kwa anzanga kuti changa ndi chikondi chopanda malire. Kumeneko kunali kupembedza munthu. Pamene kwa Mulungu, amene sanandinamizepo, ndinkapita ndi malisiti m'manja.

Atsikana anzanga, ndi anyamata omwe, apa tisamale. Mawu akuti chikondi sichiwerengera asamakusungeni m'chibwenzi chimene mukunyozedwa kapena kumenyedwa. Munthu mnzako ndi woti muziwerengerana, mwachifundo inde, koma muziwerengerana. Amene mungamukonde osaika malire ndi amene sangagwiritse ntchito chikondi chanucho kukupwetekani.

Funso loti kodi munthu angakonde Mulungu popanda malipiro ndi lakale kwambiri. Buku la Yobu, machaputala onse 42, laima pa funso limeneli. Satana akuti Yobu amaopa Mulungu chifukwa zake zikuyenda, ndipo zitachotsedwa angamutukwane pamaso. Zikuchotsedwadi: nkhosa 7,000, ngamila 3,000, ng'ombe, abulu, ana onse 10, kenako thanzi. Chimene chinandithandiza ine n'chakuti Yobu sanakhale chete ngati munthu wopanda mtima. Anadandaula kwambiri, anafunsa mafunso ovuta, mpaka anatemberera tsiku limene anabadwa. Koma madandaulo akewo ankapita nawo kwa Mulungu yemweyo. Ine ndinadandaula n'kuchoka, iye anadandaula n'kukhala.

Komanso si funso la Akhristu okha. Mumzinda wa Basra, ku Iraq, munali mayi wina wachisilamu dzina lake Rabia al-Adawiyya, amene anamwalira cha m'ma 801. Sanakwatiwe, ndipo mpaka lero amakumbukiridwa chifukwa cha chikondi chake pa Mulungu. Nkhani yotchuka imene imasimbidwa za iye imati tsiku lina anayenda mumsewu atanyamula moto dzanja lina, madzi dzanja lina. Atamufunsa, anati akufuna akatenthe Paradizo ndi kuzimitsa Jahena, kuti anthu asiye kupembedza chifukwa chofuna mphoto kapena kuopa chilango, ayambe kukonda Mulungu chifukwa ndi Mulungu. Agogo anga sanamvepo za Rabia, koma atakumana pachitsime angamvane msanga.

Kodi ndiye tisiye kupempha? Ayi. Agogo amapempherera mvula chaka chilichonse, amapempherera malata, amandipempherera ine kuti ndipeze banja labwino, ndipo amatchula dzina langa mokweza mpaka ndimachita manyazi. Mwana amapempha kwa kholo lake, n'chibadwa. Kusiyana kwake kuli pa zimene zimachitika yankho likakhala lakuti ayi, kapena likapanda kubwera n'komwe. Wa ganyu akapanda kulipidwa amatenga khasu lake n'kukafuna munda wina. Mwana wapakhomo amalira, mwina amakana nsima, koma madzulo amagona m'nyumba momwemo.

Ngati mukufuna kudziyesa, yesani zimene ndinayesa ine. Tengani mndandanda wa mapemphero anu, kaya uli m'kope kaya mufoni. Fufutani m'maganizo ntchito, ukwati, viza, galimoto, fizi. Ndiye onani ngati patsala chilichonse choti mukambe ndi Mulungu. Ine nditayesa koyamba sipanatsale kanthu. Ndinakhala pabedi mphindi zisanu, kusowa chonena, ngati anthu awiri amene akhala akuchita bizinesi limodzi zaka zambiri koma sanafunsanepo kuti kunyumba kuli bwanji.

Sindinganame kuti ndafika pamene pali agogo. Kutchalitchi ndinabwerera, koma masiku ena ndimadzipezabe ndikuwerengera. Ndikapemphera Lolemba, Lachitatu ndimayamba kusuzumira ngati timizere tasanduka tabuluu. Banja ndikulifunabe, ndipo amene adzabwereyo ndidzamukonda ndi mtima wonse, koma adziwiretu kuti ankhoswe adzakhalapo ndipo foni tizidzaimbirana tonse. Guwa lokha sindidzamumangiranso.

Mwezi watha ndinawaimbira agogo pa foni ya aneba awo. Ndinawauza kuti ndayambiranso kupemphera, koma zimene ndinkapempha zija sizinabwerebe.

"Nanga ukupitiranji?" anandifunsa, ndipo ndinamva kuti akundiyesa.

Ndinaganiza kaye. "Kaya, agogo. Ndinangomusowa."

"Eya, basi," anatero. "Dula foni, mayunitsi angakuthere. Ine ndikuchedwa ku Mvano."