CHIKUTA CHA NSOMBA

Anzanga ambiri akhala akundifunsa za beseni lofiira lija likhala pakona ya labotale, lovundikiridwa ndi sefa ya waya, lokhala ndi chipepala chakuti "Musakhudze." Ena ati muli njoka, ena ati muli achule a mayeso a Fomu 4. Tsono popeza akonzi a magazini yathu andipatsa malo, ndati ndifotokoze ndekha, pakuti beseni limenelo linabwera chifukwa cha kulakwa kwanga.

Inu nonse mudziwa thanki ya galasi imene ili pafupi ndi zenera. Chaka chatha munali nsomba 9 za mtundu wa mbuna, zija zikhala m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi, zina zachikasu, zina zamizeremizere, zina za maonekedwe a thambo. Ine ndinali wozidyetsa, ndipo aphunzitsi a sayansi anandikhulupirira nandipatsa kiyi wa labotale. Kwathu ndi ku Mchinji, kumene nsomba tiidziwa ngati ndiwo basi; chotero pamene aphunzitsi anatiuza kuti kuyambira zaka za m'ma 1970 nsomba zoterezi zakhala zikutengedwa ku Salima ndi kukwezedwa ndege kunka ku Ulaya kuti anthu azingoziyang'ana, ndinaseka kwambiri. Nsomba kukwera ndege ine mwana wa munthu ndisanaikwere! Koma posakhalitsa ndinazikonda ndithu, kotero kuti ndinkadziwa iliyonse ndi mwala wake.

M'mwezi wa May tinapita pa ulendo wa sukulu ku Nkhata Bay. Kumeneko ndinapeza anyamata osambira atagwira mbuna zamoyo m'ndowa, ndipo ndinagula 4 ndi ndalama imene amayi anandipatsa ya sopo. Ndinaziika m'chigubu ndi kuzifukata pamiyendo njira yonse. Mtunda wake sukwana makilomita 50, koma munthu akwera mamita pafupifupi 800 kuchokera kunyanja kufika kuno. Tinachoka thukuta lili kamukamu, tinafika m'chifunga mano akugogoda. Madzi a m'chigubu anali zii, ine osalabadira.

M'mawa mwake ndinazionetsa kwa aphunzitsi monyadira. Iwo anaziyang'ana nthawi yaitali nati, "Zokongola zedi. Koma usaziike m'thanki. Pezera beseni, zikhale pazokha milungu 4, ndipo kaukonde kake kakhale kakekake."

"Aphunzitsi, zikudwala kodi?" ndinafunsa.

"Sindidziwa, ndipo iwenso sudziwa. Kuona maso a nkhono nkudekha."

Tsono kunali kutatsala masiku 10 kuti makolo abwere kudzaona sukulu, ndipo ine ndinali nditasankhidwa kudzaima pa thankiyo ndi kufotokozera alendo. Mtima wanga unafuna kuti ndidzanene kuti, "Izi ndinabwera nazo ndine." Masiku awiri ndinapirira. Tsiku lachitatu ndinaziyang'ana bwinobwino: zinali kudya, zinali kusambira, panalibe banga ngakhale limodzi. Ndinati mumtima, akuluakulu amangokonda malamulo. Usiku umenewo, anzanga ali pa sitade, ndinatsegula labotale ndi kukhuthulira nsomba zija m'thanki pamodzi ndi madzi ake omwe. Aphunzitsi anali atapita kumaliro kwawo, ndipo panalibe wondifunsa.

Patapita masiku angapo ndinaona nsomba imodzi ikudzikhula pamwala ngati mbuzi ya mphere. Mawa lake inali ndi timadontho toyera pa zipsepse, monga ngati wina waiwaza mchere. Pofika tsiku la makolo, zisanu zinali ndi timadonthoto, ndipo ziwiri zinali kuyandama pamwamba kukamwa kuli kakasi, kufuna mpweya. Ndinaima pamenepo nditavala tayi, ndi kufotokozera alendo za nsomba zokwera ndege, maso anga ali pa imodzi imene inali kupendekeka kuseri kwa mwala. Mayi wina anafunsa kuti, "Kodi iyo ikugona?" Ine ndinayankha kuti inde.

Aphunzitsi atabwera sanafunse zambiri. Anawerenga nsomba, napeza 12 m'malo mwa 9, pakuti imodzi ndinali nditaikwirira kale kuseri kwa labotale. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kenaka anati, "Bwera nayo maikulosikopu." Anapala pang'ono khungu la nsomba yodwala, naika pagalasi, nandiuza kuti ndisuzumire. Ha! Ndinaona kanthu kobulungira kakuzungulira pang'onopang'ono, m'kati mwake muli chinthu chopindika ngati chikwakwa. Dzina lake la m'mabuku ndi Ichthyophthirius, ndipo ndinalilemba padzanja kuti ndisaiwale.

Pano ndipempha kuti muwerenge mofatsa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kachilomboka kamalowa pansi pa khungu la nsomba, kapena mopumira mwake mmene diso silifika, ndipo kali pamenepo mankhwala sakakhudza. Kakakhuta kamagwa pansi, nkudzikuta, nkugawikana kukhala tiana mazanamazana. Tianato timasambira kufuna nsomba, ndipo tikapanda kuipeza m'masiku awiri kapena atatu timafa. M'madzi ofunda, a madigiri 25, ulendo wonsewu utha ngati sabata imodzi, koma m'madzi ozizira utenga milungu ingapo. Chotero nsomba ikhoza kuoneka yamoyo lero ili ndi mdani m'kati, makamaka itazizidwa ndi kutopa paulendo monga zanga zija. M'nyanja yaikulu tianato tambiri timasochera tisanapeze nsomba. M'thanki tilibe kosochera. Akulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo ine ndinkayesa kuti anena za mumtanga wa kumsika mokha.

Tinayamba kuchiza. Tinathira mchere pang'onopang'ono monga anayezera aphunzitsi, tinakweza kutentha kwa madzi kuti tizilombo tigwe msanga ndi kukumana ndi mcherewo, ndipo tsiku ndi tsiku ndinkapopa zinyalala zapansi ndi kapaipi. Koma inu mudziwa June wa ku Mzuzu. Usiku wina magetsi anazima, chotenthetsera madzi chinaleka, ndipo ine ndi mnzanga wa ku Karonga tinakuta thanki ndi mabulangeti athu, ife tomwe nkugona m'majuzi. Pomaliza pa zonse zinafa 7. Mwa izo 5 zinali zakale zija, zimene zinakhala mwamtendere zaka ziwiri ine ndisanazichitire chifundo changa.

Aphunzitsi anatiuzanso kuti anthu oweta nsomba za m'nyanja ya mchere ali ndi mdani wofanana naye, dzina lake Cryptocaryon. Ameneyo ngoipa koposa, chifukwa akagwa pansi akhoza kubisala mpaka masiku 72 asanatuluke. Motero thanki ikagwidwa, eni ake amachotsa nsomba zonse ndi kuisiya yopanda nsomba miyezi iwiri ndi theka. Chinandiseketsa nchakuti ife tichiza pothira mchere, pamene iwo nthawi zina achiza pochepetsa mchere m'madzi. Koma pa mlendo tigwirizana: aliyense watsopano ayamba wakhala payekha.

Chimene chindichititsa manyazi koposa ndi ichi, chakuti mwa ophunzira onse ine ndinayenera kudziwa bwino. M'chaka cha 2020, sukulu zili zotseka chifukwa cha Covid-19, kwathu ku Mchinji kunabuka nthenda ya zilonda za nsomba imene akatswiri aitcha EUS. Imabwera ndi kachilombo konga chuku, imakonda nyengo yozizira, ndipo muno mu Africa inaoneka koyamba mu 2006 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Boma linaletsa kugwira, kugulitsa ndi kunyamula nsomba za m'dera lathu. Ndinaona ndi maso anga milamba ya zilonda zofiira m'madambo a mtsinje wa Bua, ndipo ndinaona amalume anga ataima pa dziwe lawo manja ali m'khosi. Alangizi ankanena kuti ukonde wa dziwe lina usalowe m'dziwe lina usanaume padzuwa, ndi kuti mbewu ya nsomba yogula kwina iyambe yasungidwa padera. Mawu amenewo ndinawamva ndili mwana wa zaka 12. Nanga anapita kuti usiku uja ndili ndi kiyi m'manja?

Chilango changa sichinali kukumba dzenje. Aphunzitsi anandilanda kiyi kwa mwezi wathunthu, ndipo pondibwezera anati ndigule beseni ndi kaukonde kachiwiri ndi ndalama yanga, ndiponso ndikhale mlonda wake mpaka ndidzachoke pasukulu pano. Teremu imeneyo ndinachapa ndi sopo wopempha. Pamene ndinafotokozera agogo anga aakazi patchuthi, iwo anaseka nati, "Mdzukulu wanga, ndiye kuti nsomba nazo zili ndi chikuta? Mwana wakhanda sitimutulutsa kwa anthu mchombo usanagwe." Ndinawauza kuti chikuta chathu chitchinjiriza khanda, pamene cha nsomba chitchinjiriza mlendo ndi eni mudzi omwe. Iwo anati zonsezo nchimodzimodzi, ndipo dzinalo linakhala lomwelo.

Polemba pano m'beseni muli nsomba ziwiri zimene kalabu yathu inalandira mwezi watha. Lero ndi tsiku lawo la 19. M'mawa uliwonse, belu la phala lisanalire, ndimayeza kutentha kwa madzi, ndimayang'ana zipsepse pa kuwala kwa zenera, ndipo ndimalemba m'kope. Pakaoneka kadontho ngakhale kamodzi, tichiza ndi kuyambanso kuwerenga pa 1. Yachikasu ija yayamba kale kudziwa dzanja langa. Anyamata a Fomu 1 amene mumabwera kudzasuzumira, suzumirani pa sefa, koma kaukonde ka chingwe chofiira musakaviike m'thanki yaikulu; kwatsala masiku 9.