Kutulo Ndimakhala ku Chiradzulu

Kwathu ku Chiradzulu maloto sankachedwa m'mutu mwa munthu. Ukalota usiku, m'mawa unkawatula. Anganga ankakhala pakhonde atafunda chitenje mpaka kumutu, moto wa zitsononkho ukufuka pamafuwa, ndipo ukawapatsa moni ankayankha n'kuwonjezapo funso lawo: "Nanga kutulo kunali bwanji?" Aliyense ankanena zake. Wina akati walota akugwira nsomba, anganga ankati pamudzi pano pali woyembekezera amene sanaulule. Akati walota ukwati wa chinamtindi cha anthu, nyama yochuluka m'miphika, ankapukusa mutu n'kunena kuti tikonzeke, kukubwera maliro. Malemu akabwera akudandaula kuti akuzizidwa, amalume ankaitanidwa tsiku lomwelo kuti amve ndi makutu awo. Maloto ena ankangowataya ndi dzanja: "Amenewo ndi a kukhuta, unadya kalongonda wambiri dzulo."

Kutchalitchi ankatiphunzitsa kuti tisamangirire moyo pa zoterezi, ndipo ine sindilimbana ndi aliyense pa nkhani yakuti kumasulira kwa anganga kunkalondola kapena ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti ukangonena, malotowo ankakusiya. Ankasanduka nkhani ya banja lonse, wina ankaseka, wina ankadandaula, iwe n'kutenga khasu ulendo wa kumunda mutu uli wopepuka.

Kuno ku Cape Town ndilibe wowauza. Ndimakhala ku Imizamo Yethu, pamtunda wa Hout Bay, m'kanyumba ka malata kamene timagawana ndi mnzanga wa ku Mangochi. Iye amagwira ntchito usiku, ine masana, choncho timangopatsana moni pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Ndikadzuka kukadali mdima, maloto aja ndimavala nawo, kukwera nawo takisi, kukafika nawo kumaluwa kwa abwana. Amandikakamira ngati chisoso pa buluku: ndikamadula kapinga ali pomwepo, ndikamathirira ali pomwepo, mpaka nthawi yoweruka. M'buku la Genesis muli nkhani ya akaidi awiri a Farao, woperekera chikho ndi wophika mkate, amene Yosefe anawapeza m'mawa nkhope zili zakugwa chifukwa analota koma panalibe wowamasulira. Ndili mwana nkhaniyi ndinkaithamangira kuti ndikafike pamene Yosefe akukhala nduna. Masiku ano ndimaima pa nkhope zakugwazo, chifukwa ndimaziona pa anzanga tikamadikira takisi m'mawa.

Maloto amene amabwera kawirikawiri ndi a njira. Ndatsika basi ku Limbe, chikwama chili paphewa, ndakwera minibasi, kenaka ndili pa kabaza, kenaka ndikuyenda pansi, ndipo zonsezi zimachitika popanda kulipira kapena kuonetsa pasipoti kwa aliyense. Nyengo imakhala imodzimodzi nthawi zonse: chimanga chakololedwa, m'minda mwatsala nandolo yekha, wamtali kupitirira munthu, makoko ake akuchita phokoso mphepo ikawomba. Ndimawoloka Mombezi madzi ali m'mawondo, ozizira mpaka kulasa m'mafupa. Phiri lili apo, lonse lathunthu, mutu wake utabisika mu chiperoni. Ndimaona denga la kwathu ndi utsi ukutuluka m'khitchini. Ndimaona amayi atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, lichero lili pamiyendo, akusenda nandolo wamuwisi. Zala zawo zada ndi utomoni wa makoko, kachala kakang'ono ka kumanja n'kopindika monga kanalili chipsereni ndi moto ali mtsikana, ndipo pambali pali mbale ya makata imene andisungira atavundikira ndi mbale inzake. Ndimafulumira, koma njira imatalika. Ndikapitirira mtengo wa mango wa pamphambano ndimaupezanso kutsogolo. Ndimafuna kuodira, mawu satuluka. Kenaka foni imalira kuti kwacha.

Akatswiri a za tulo amati munthu akagona amadutsa m'magawo amene amabwerezabwereza pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndipo gawo limene maso amayendayenda mkati mwa zikope ndilo la maloto ooneka bwino kwambiri. Analizindikira mu 1953 ku yunivesite ya Chicago. Gawoli limatalika kukamayandikira kucha, ndipo wodzutsidwa ali mkati mwake ndiye amakumbukira zimene walota. Ndiye kuti ife odzuka ndi alamu m'bandakucha timadulidwa pakati penipeni pa nkhani. Zimenezi ndimazivomereza, zimandiuza chifukwa chake ndimakumbukira. Koma sizindiuza chifukwa chake pa zaka zonse zimene ndakhala muno sindinalotepo msewu wa ku Wynberg kapena nyanja imene ndimaiona tsiku ndi tsiku. Thupi lili kuno, likudya za kuno, likulankhula chizungu ndi Chixhosa chothyokathyoka, koma ndikangotseka maso, kupatula kanyumba kanga, palibe cha kuno chimene chimanditsatira.

Ngakhale phiri la kuno silinalowe m'maloto anga. Alendo amachoka kutali kudzalijambula, ndipo n'lokongoladi, sindingalinyoze. Mu June ndi July, mvula yawo ya m'nyengo yozizira ikamawaza ndipo mtambo ukakhala pamwamba pake, mtima umadumpha pang'ono poganiza kuti ndi chiperoni. Koma fungo si lomwelo. Chiperoni cha kwathu chimabwera ndi fungo la utsi wa mapesi ndi la mbatata yootcha, ana atazungulira moto manja ali m'khwapa, ng'ombe za mkaka zikulira m'makola kudikira nsenjere.

Nthawi zina ndimalota ndili kumishoni ya PIM, ku Mbombwe, pa 15 January, tsiku lokumbukira John Chilembwe. Amayi a mpingo avala zoyera, kwaya ikuyimba, magalimoto a akuluakulu a boma aima m'matope chifukwa mwezi umenewu mvula siipereka ulemu kwa munthu. Tili ana tinkapita kukaona asilikali ndi kukadya zigumu, mbiri yeniyeni tinaimva pang'onopang'ono. John Chilembwe anatsegula mishoni imeneyi mu 1900 atabwera kuchokera ku America, kumene anapita ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, anatsegula masukulu, anaona anthu ake akuzunzika ndi thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero ndiponso akutengedwa kukafera pa nkhondo ya azungu. Pa 23 January 1915 anaukira. Pofika pa 3 February anali ataphedwa, ndipo tchalitchi chija atsamunda anachigumula.

Koma kuno amene ndimamuganizira kwambiri ndi Daniel Malekebu. Anali mnyamata wa pamishoni pomwepo, anachoka akadali wamng'ono kutsatira mphunzitsi wake Emma DeLaney, anakaphunzira ku America mpaka kukhala dokotala pa Meharry Medical College. Atabwerera ndi mkazi wake Flora, boma la atsamunda linamukaniza kukhala kwawo, iye n'kupita kukagwira ntchito ku Liberia. Analoledwa mu 1926, ndipo ndiye anatsegulanso PIM. Munthu anafika pakhomo pa dziko lake n'kubwezedwa. Ndikalota mtengo wa mango uja ukubwereranso kutsogolo kwanga, ndimadzuka ndikumukumbukira, ndipo zimandilimbitsa mtima kuti iye pamapeto pake anafika, anagwira ntchito yake, anakalambira kwawo.

Si onse amene anafika. Mchimwene wawo wa anganga anapita ku migodi ndi Wenela, m'masiku amene ndege zinkanyamula anyamata kupita nawo ku Joni, ndege ina isanagwe ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuimitsa ulendowo. Iye sanali m'ndegemo. Anangosiya kulemba makalata, n'kukhala mtchona. Anganga anamulota mpaka ukalamba wawo, ndipo nthawi zonse ankabwera ali mnyamata, atavala jekete imene anachoka nayo. Ankatiuza m'mawa nkhope ili yowala, "Achimwene anabwera usiku, ali bwino." Pamenepo ndinaphunzira kuti njira imeneyi anthu amayendamo uku ndi uku. Ife tikulota kwathu, kwathunso akutilota. Amayi ali moyo ankatha kundiimbira ndi mayunitsi obwereka, mawu ali njenjenje: "Mwanawe, ndinakulota wavala zoyera uli pakati pa anthu osawadziwa. Uli bwino koma?" Ndinkayankha kuti ndili bwino amayi, musadandaule, ndipo tisanapitirize foni inkaduka.

Foni ndiyo inatipusitsa tonse kuti tili pafupi. Pa WhatsApp timakambirana za feteleza, za fizi, za malata, za nambala ya Mukuru ndi mmene randi yagulira kwacha sabata ino. Zonsezo n'zofunika, ndi zimene tinabwerera kuno. Koma ndani angayambe kufotokoza za mtengo wa mango wosuntha pamene mlongo wake akumuwerengera ngongole za kugolosale bandulo isanathe? Umangoti tonse tili bwino, perekani moni kwa ana.

Mu March 2023 maloto anga anasintha. Namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa masiku otsatizana osakata, magetsi anazima, mafoni a kwathu onse anangoti zii. Ife kuno tinkangoona mavidiyo: Chilobwe ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, kenaka Chiradzulu. Mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, unakokoloka ndi matope ndi miyala zochokera m'phiri, nyumba ndi anthu omwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Kwathu kunagwa khitchini ndi chimbudzi basi, tinathokoza Mulungu, koma kuyambira pamenepo phiri la m'maloto anga linayamba kulira. Ndimakhala ndili pa njira yomwe ija, nandolo ali phee, kenaka kumtunda kumamveka mkokomo wochokera pansi pa nthaka, ndipo ndimadziwa kuti ndiyenera kukuwa kuti anthu athawe. Sindinaumvepo mkokomo umenewo ndi makutu anga. Ndinaumva m'mawu a anthu opulumuka amene ankafotokoza pa wailesi, koma kutulo umamveka mpaka m'chifuwa, ndipo tsiku limenelo chakudya sichilowa.

Chimandipweteka china n'chakuti phiri la m'malotolo lidakali ndi mitengo yake yonse, yowirira, anyani akulumpha m'nthambi. Amene abwera kumene kuchokera kumudzi amati m'mapiri ambiri a kwathu mwayera, mitengo inathera makala ndi maovuni a njerwa. Sindiweruza mayi amene amasenza nkhuni kuti ana adye, pakuti boma lathu la Chiradzulu ndi laling'ono, anthu ndi ochuluka, minda ndi timagawo. Koma ife a kunja tikusunga m'mitu mwathu Chiradzulu amene ana obadwa lero sadzamuona, ndipo zimenezi zimandiopsa kuposa mkokomo uja.

Amayi anamwalira ine ndili konkuno. Mapepala anga anali asanatuluke, ndipo ndikanatuluka m'dziko muno sakanandilola kubwereranso msanga, pamene ndalama ya bokosi ndi ya chakudya cha pamaliro inkayenera kuchokera m'manja mwangamu. Mwambo wonse ndinauonera pa foni ya mphwanga, chithunzi chikuduka, nyimbo zikufika mochedwa, mpaka adzukulu atayamba kukwirira. Patapita miyezi amayi anayamba kubwera kutulo. Sabwera pa njira ija ayi. Amalowa m'kanyumba kano ka malata, kumene sanafikeko ali moyo, amayang'ana uku ndi uku, amatsegula poto, n'kundifunsa, "Wadya?" Palibenso china. Ndimadzuka fungo la sopo wawo wochapira lili m'mphuno, ndipo ndimatha kukhala pabedi nthawi yaitali ndisanapeze mphamvu yomanga nsapato.

Maloto amenewa ndinalephera kuwasunga ndekha. Lamlungu lina nditaweruka kutchalitchi ndinagula mayunitsi ambiri n'kuimbira amalume, eni mbumba. Ndinati, "Amalume, pepani, lero sindinaimbire za ndalama. Ndili ndi maloto." Anakhala chete pang'ono, ndinamva akukoka mpando, akuthamangitsa ana kuti apite akasewere uko. Anati, "Nena, mphwanga, ndakhala pansi." Ndinafotokoza zonse, za poto, za funso lija, ngakhale za mtengo wa mango. Sanandidule mawu. Nditamaliza anandifunsa ngati amayi ankaoneka okwiya, ndinati ayi. Ngati anandipatsa chakudya kuti ndidye, ndinati ayi. Ngati anandiitana kuti ndiwatsatire, ndinatinso ayi.

"Basi usaope," anatero. "Mlongo wanga sakufuna kanthu. Sanakuone pamaliro, ndiye akudzaona kumene ukukhala. Koma iwenso sunaone pamene anagona, n'chifukwa chake njira yako sikutha. Chiliza tisachedwetse, ndipo usangotumiza ndalama. Ubwere."

Tinagwirizana kuti chimangidwe anthu akamaliza kukolola nandolo, mvula isanayambe. Simenti ndayamba kale kutumizira pang'onopang'ono, ikusungidwa kwa amalume, njerwa aumba ana a mlongo wanga, ndipo mmisiri ndi wa mumpingo mwathu momwemo. Mapepala anatuluka. Kwa abwana ndapempha tchuthi cha mwezi wathunthu, ndipo ndawauza kuti ulendo wokha umadya masiku: kuchoka kuno kukafika ku Johannesburg, kukwera ina ku Park Station, kukagona pamzere ku Beitbridge, kudutsa Harare ndi Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenaka Zobue ndi Mwanza. Anandifunsa ngati mwambowo sungachitike ine kulibe, popeza ndalama ndatumiza kale. Ndinawayankha kuti ayi, sungachitike.