Agogo Ouluka pa Lichero

Anzanga a m'gulu muno, kodi munayesapo kuseketsa ana ndi nkhani ya lichero? Ine ndinayesa, ndipo ndinatsala pang'ono kugona ndi njala kwa mlongo wanga.

Tchuthi chapitachi ndinali ku Luwani m'boma la Neno. Odziwa kumeneko mukudziwa kutentha kwake: usiku m'nyumba simulowedwa msanga. Tinayala mkeka panja, foni itatha moto, ana anayi n'kundizungulira. "Amalume, nthano!" Ndinati ndiyambe ya Kalulu, iwo n'kuti amenewo atopa nawo. Basi ndinayamba kupeka yanga.

Padangokhala. Tilitonse!

Panali banja lina lamatsenga, koma matsenga ake osalongosoka. Agogo ankauluka pa lichero, koma pokhala oiwalaiwala ankanyamuka ufa uli momwemo, mudzi wonse n'kudzuka uli mbuu. Atsibweni ankasanduka fisi, koma fisi wake woopa mbuzi. Kamdzukulu kakayetsemula, nkhuku zonse zinkayamba kuyankhula Chipwitikizi. Apa ana anafa nacho chiseko, paja ku Luwani kunali msasa wa anthu othawa nkhondo ku Mozambique, ndiye nkhukuzo anazimvetsa. Mdani wa banjali chinali chilombo chobisala mu mlambe, chimene chinkameza mitambo kuti mvula isagwe.

Agogo atangokwera lichero kuti akalimbane nacho, mlongo wanga anatulukira ku khitchini, mthiko uli m'manja.

"Achimwene, zimenezo muzikakamba ku tauni kwanuko. Mawa mwana akakanena pa mjigo kuti agogo amauluka pa lichero, anthu afunsa kuti agogo ake ati?"

Ndinacheuka. Pakhonde panali amayi athu, imvi zili mbee, akusenda mtedza.

Ndinati zii. Mlongo wanga sankanena zopanda mutu. Mu Januwale 2016, m'boma lomweli, kwa T/A Dambe, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Ankati ndi iwo anatumiza mphenziyo. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, koma mwala ukamaponyedwa sufunsa za lamulo.

Taganizani. Ku Britain, J.K. Rowling anatulutsa buku loyamba la Harry Potter mu 1997. M'mabuku a Harry Potter muli banja la Weasley, makolo ndi ana onse amatsenga, mpaka galimoto yawo youluka. Mwana wa kumeneko amaseka, n'kutseka buku, n'kukagona. Palibe amene amapita kukatentha nyumba ya agogo oyandikana nawo. Kuno nthabwala yomweyo ili ndi mano.

Ndiye titani, tisiye? Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinaona kuti ana athu nkhani za lichero amazimva kale, tsiku ndi tsiku, kungoti amazimva monong'ona, kwa akuluakulu amene sakuseka, dzina la munthu weniweni lili kumapeto. Chimene sanamvepo ndi nkhani imene gogo ndiye ngwazi, ndipo aliyense akudziwa kuti ndi yopeka.

Mawa lake ndinapempha mlongo wanga kuti andilole ndiyeserenso. Ulendo uno ndinawauza ana kuti nthanoyi ndaipanga ndekha dzulo, ndipo aimalize okha. Abale, kunali kukangana! Wina akuti atsibweni akwere mbuzi yomwe amaiopayo, wina akuti nkhuku zichikalipire chilombo m'Chipwitikizi mpaka chisanze mitambo. Wamng'ono anafunsa kuti, "Agogo, inu lichero lanu limauluka?" Mtima wanga unagunda. Amayi anangoseka nati, "Likanamauluka bwenzi ndikuyenda wapansi popita ku chigayo?" Ngakhale mlongo wanga anaseka, ngakhale kuti maso ake anali kumsewu.

Sindikunena kuti nthano imodzi ingathetse mantha a mudzi. Koma mwana amene waulutsapo lichero ndi pakamwa pake wadziwa kuti nkhani zotere amapanga ndi anthu. Tsiku lina akadzamva kuti gogo uje anagwa usiku padenga la eni, mwina adzayamba wafunsa kuti waipeka ndani.

Nthanoyi ndayamba kuilemba m'kope. Mlongo wanga akuti ndisatchulemo dzina la mudzi, ndipo ndamumvera. Nanga inu alembi anzanga, mukanakhala pa mkeka paja, mukanaimaliza kapena mukanabwerera kwa Kalulu?