Kuphunzitsa Kompyuta Ntchito Yobwerezabwereza

M'makomboni a migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca ku Bindura, zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya mgodi zikusungabe mwambo wa mabungwe othandizana pa maliro. Mwezi ndi mwezi mlembi amalemba maina omwewo, kuwonkhetsa zopereka, ndi kusanthula amene ali ndi ngongole. Pa ntchito yanga yofalitsa nkhani za chitukuko ndimacheza ndi alembi otere, ndipo ambiri amandifunsa kuti munthu wosadziwa kanthu angayambire pati kuti kompyuta izimugwirira yokha ntchito imeneyi.

Ndimawayankha kuti ayambe ndi pepala ndi cholembera. Lembani mwandondomeko zonse zimene mumachita pa kutha kwa mwezi, chimodzi ndi chimodzi, pakuti kompyuta siingathe ntchito imene mwini wake sanaimvetse.

Mukatero tsegulani pulogalamu ya Excel. Dzina lililonse likhale ndi mzere wake, mwezi uliwonse danga lake. Mukalemba =SUM(B2:B60), makinawo awonkhetsa okha ndalama za mamembala 59. Popeza kuyambira mu April 2024 ena amapereka ndalama ya ZiG pamene ena amapereka madola a ku America, ikani mtengo wosinthira ndalama m'kabokosi kamodzi kokha, ndipo masamu onse azitengera pamenepo. Mtengo ukasintha, mukonza malo amodzi basi.

Mukazolowera izi, yesani macro. Pitani pa View, sankhani Macros, kenaka Record Macro. Gwirani ntchitoyo kamodzi modekha, monga kusanja maina motsata zilembo ndi kukonza lipoti, ndipo pomaliza dinani Stop Recording. Excel imasunga zonse mwachitazo m'chinenero cha VBA, chimene chinalowa mu pulogalamuyi mu 1993. Mukadina Alt ndi F11 mudzaona zimene yalemba. Ine ndinachiphunzira powerenga mizere imeneyi ndi kusintha nambala imodzi kuti ndione chotsatira. Posunga failo sankhani mtundu wa .xlsm, chifukwa mtundu wa .xlsx umataya macro.

Pali chenjezo. Zimene macro yachita sizibwerera ndi Ctrl ndi Z, choncho yeserani pa kope, failo yeniyeni ikhale padera. Musatsegulenso macro yochokera kwa munthu wosamudziwa. Kuyambira mu 2022 kampani ya Microsoft imatsekereza macro za m'mafailo ochokera pa intaneti chifukwa akuba amabisamo mavairasi.

Kwa miyezi itatu yoyamba, wonkhetsaninso pamanja ndi kuyerekeza ndi zimene makina apeza, ndipo buku la msungichuma lisatayidwe. Tsiku la maliro banja losiyidwa lidzafuna ndalama ya bokosi, ndipo woyankha pamaso pa mamembala adzakhala inuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yambani ndi ntchito imodzi mwezi uno, yachiwiri idzabwere yoyambayo ikakhazikika.